Ndinkati ndachira, koma zotupa zinangogona

Ndine telala. Ndimasoka mayunifolomu a ana asukulu ndi madiresi a ukwati m'kachipinda kena kufupi ndi Machipisa ku Highfield mu Harare, ku Zimbabwe, koma ndimakhala ku Mufakose komwe ndinabadwira. Agogo anga anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito ya njanji, ndiye kwathu m'nyumba ndi Chichewa, panja Chishona. Ndalemba izi chifukwa amayi anzanga a Chigwirizano amandikokera pambali mmodzimmodzi tikaweruka Lachinayi, aliyense kunong'ona ngati vutolo ali nalo yekha. Funso lawo ndi limodzi: jakisoni uja munabaya wa zotupa za m'chiberekero, amachiritsadi?

Zanga zinayamba mu 2019 ndili ndi zaka 36. Msambo wanga unkatenga masiku anayi kuyambira utsikana, koma chaka chimenecho unayamba kufika masiku asanu ndi atatu, nthawi zina khumi. Magazi ankatuluka oundana, zibulubulu ngati chiwindi cha nkhuku. Ndinkavala mapadi awiri n'kuwonjezera chitenje chong'amba, koma pasanathe ola ndinkayenera kusintha. Pampando wa makina ndinkayala pulasitiki. Siketi yakuda ya Chigwirizano inandibisira manyazi kangapo, ndipo ndinaphunzira kudzuka pabenchi aliyense atatuluka.

Sindinauze munthu. Ndinkati ndi msinkhu, kapena ndi zotsalira za mimba imene inapita padera mu 2016. Chimene chinaonekera kwa ena ndi dothi. Ndinayamba kulakalaka dothi la chulu koopsa, moti ndikapita ku Mbare Musika kukagula ulusi ndi zipi ndinkabwerako ndi kapepala ka dothi m'chikwama. Apongozi anga atandipeza ndikulikukuta kuseri kwa nyumba anasekerera. "Mayi a Chisomo, zikuoneka kuti Mulungu watikumbukira," anatero. Ankaganiza kuti ndili ndi pakati. Ndikanadziwa nthawi imeneyo kuti kulakalaka dothi kapena madzi oundana a mufiriji kawirikawiri ndi chizindikiro choti ayironi watha m'thupi, ndikanapita kukayezetsa magazi tsiku lomwelo. Kuyezetsako n'kotchipa kuposa china chilichonse chimene ndinadzalipira pambuyo pake.

Kenako kunabwera Covid. Dziko linatsekedwa pa 30 Malichi 2020, masukulu anatseka, yunifolomu palibe wosoketsa. Ndinkapeza kangachepe posoka mamasiki. Za chipatala sindinaziganize n'komwe. Mayi wina wa m'dera lathu ankandigulitsa mizu yowiritsa imene ankati imasungunula chilichonse cha m'mimba, ndipo ndinamwa mabotolo osawerengeka kwa miyezi isanu ndi umodzi. Ndikawerengera, zinandidyera pafupifupi madola 200 a ku America. Palibe chinasintha kupatula kutsegula m'mimba.

Mnzanga wina anandipatsa mapiritsi ake otsala, otchedwa norethisterone. Amenewa ndiwo anali mahomoni anga oyamba, mankhwala otsanzira timadzi ta m'thupi timene timayendetsa msambo, ngakhale sindinkadziwa kuti ndi mahomoni. Ukamamwa, magazi amaimadi. Ukangosiya, pakapita masiku awiri kapena atatu amabwera, ndipo kwa ine ankabwera ngati damu laphulika. Ndinkawamwa mwachisawawa, pakakhala ukwati kapena maliro, popanda wondiyeza BP, popanda wondifunsa ngati kwathu kuli amene anadwalapo matenda a kuundana kwa magazi m'mitsempha. Mankhwalawo si oipa, madokotala amawalemba. Choipa chinali kumwa a mnzanga osadziwa chimene chikutulutsa magaziwo.

Mu 2021 ndinapita kukiliniki ina. Anesi anandimvetsera mwachangu, anthu anali ambiri panja, n'kunena kuti jakisoni wolera wa Depo amachepetsa magazi. Sanandigwire pamimba, sananditumize kukaunikidwa, inenso sindinafunse. Ndinkafuna mwana wachiwiri, chifukwa Chisomo anabadwa mu 2010 ndipo anali yekha, koma ndinali nditatopa. Ndinati bola magazi aime kaye. Depo amabayidwa miyezi itatu iliyonse. Miyezi yoyambirira ndinkangodontha tsiku ndi tsiku osadziwa kuti msambo wayamba liti, watha liti. Nditabaya kachitatu zinachepadi, ndinapumako. Koma ndinanenepa, ndipo mimba inayamba kutuluka, yolimba gwa m'munsi mwa mchombo. Usiku ndinkadzuka kanayi kukataya madzi. Kutchalitchi amayi anayamba kundigwira dzanja n'kumati "zabwino zonse", ena kufunsa kuti mwezi wake ndi uti. Palibe chinandipweteka ngati chimenecho.

Apa mpamene ndinasokonezeka koyamba, ndipo ndaona amayi ambiri akusokonezeka pomwepa. Magazi akaima timati matenda atha. Depo, mapiritsi olera, ngakhale lupu ya mahomoni, ntchito yawo yaikulu ndi kupyapyalitsa khungu la m'kati mwa chiberekero kuti lisamatulutse magazi ambiri. Zotupazo sizichoka. Zanga zinali kukula mwakachetechete ine ndikuyamika.

Kumayambiriro kwa 2022 ndinasiya Depo kuti tiyesenso za mwana. Msambo unachedwa kubwerera, koma utabwera mu Juni unaposa kale. Tsiku lina mu Ogasiti ndili pa Copacabana kudikira kombi, ndinamva makutu kulira, maso kuchita mdima, kenako ndinapezeka ndili pansi mayi wogulitsa nthochi akundikupiza ndi katoni. Bambo a Chisomo anathamanga kuchokera ku Glen View Area 8 komwe amakhoma mipando, utuchi uli m'mutu, n'kunditengera kwa dokotala wa amayi ku Avenues. Kumuona kokha madola 60, kuunika ndi makina 40, magazi 25.

Magazi anga anali pa 6.8. Mayi wabwinobwino amayenera kukhala pa 12 kapena kuposa. Adokotala anandiyang'ana m'zikope ndi m'manja n'kufunsa kuti ndakhala ndikukwera bwanji masitepe. Pakanema wa makina anandionetsa zinthu zozungulira zotuwa. Chiberekero changa chinali chachikulu ngati cha mayi wa pakati pa milungu 18. Chotupa chachikulu chinali masentimita 9, chili m'kati mwa mnofu wa chiberekero. Panali zina zing'onozing'ono, ndi china cha masentimita 3 chimene chinatulukira m'kati, mmene mumakhala mwana. Ndinadabwa atandiuza kuti kakang'onoko ndi kamene kankandikhetsa magazi kwambiri, komanso kamene kakanatha kulepheretsa mimba kukhazikika. Chachikulucho ntchito yake inali kupsinja chikhodzodzo. Choncho mukapita kukaunikidwa musangofunsa kukula kwake, funsaninso pomwe chili: kunja kwa chiberekero, m'mnofu, kapena m'kati. Chithandizo chimadalira kwambiri pamenepo.

Anandilimbitsa mtima kuti zotupa zimenezi, zomwe iwo amati fibroids, si khansa. Ndi mnofu wa chiberekero womwewo umene wakula mobulungira, ndipo zimadya mahomoni a mayi, estrogen ndi progesterone. N'chifukwa chake zimakula pa zaka zobereka n'kumaphwa mayi akasiyiratu kusamba. Anatinso ife akazi akuda zimatigwira kwambiri ndiponso tidakali aang'ono kuposa azungu. Ndinakumbukira azakhali anga amene anachotsedwa chiberekero ndili mwana, anthu n'kumanena kuti anawalodza.

Tinadutsa njira zonse. Mapiritsi olera a mahomoni awiri anati ayi, chifukwa BP yanga inali yokwera. Lupu ya mahomoni, ija yotchedwa Mirena, anati imathandiza amayi ambiri kuchepetsa magazi kwa zaka zingapo, koma kwa ine ayi, chifukwa chotupa cha m'kati chija chinapotoza malo ake ndipo lupu ikanatha kugwa. Apa ndichenjeze: lupu zilipo ziwiri. Ya kopa ilibe mahomoni ndipo imawonjezera magazi a msambo. Mayi wa zotupa asangoti "ndiikeni lupu" osafunsa kuti ndi iti.

Chimene adokotala anasankha chinali chonchi: majakisoni atatu a goserelin, amene pabokosi pake palembedwa Zoladex, kamodzi pa masiku 28 aliwonse, pamodzi ndi mapiritsi a ayironi. Magazi akakwera, zotupa zikaphwako, opaleshoni yochotsa zotupa n'kusiya chiberekero. Ananena momveka kuti opaleshoniyo ichitike jakisoni wachitatu asanathe mphamvu. Ndikuvomereza kuti ananena. Koma makutu anga anatola mawu awiri okha: ziphwa, aima. Tili m'kombi bambo a Chisomo anandifunsa, "Mayi a Chisomo, ngati jakisoni akuphwetsa, nanga mpeni ndi wa chiyani?" Ndinayankha kuti tiona zikaphwa.

Jakisoni mmodzi tinkagula madola 150 kufamase n'kupita naye kuti akandibaye. Si wamadzi ayi. Ndi kanthu kolimba kakang'ono ngati kambewu ka mpunga, kamene amakalowetsa pansi pa khungu la pamimba ndi singano yonenepa. Ine wogwira singano tsiku ndi tsiku ndinatembenuza nkhope nditaiona. Woyamba ndinabaya mu Sepitembala 2022.

Patatha mlungu magazi anabwera ambiri, m'mimba mukupota. Ndinachita mantha, ndinati ndalama zapita pachabe ndipo mankhwala andikana. Nditaimba foni anesi anandiuza kuti zimatero. Mankhwalawa amayamba autsa kaye mahomoni kwa mlungu umodzi kapena iwiri, kenako ubongo umasiya kutuma mazira kupanga estrogen, thupi n'kukhala ngati la mayi amene anasiya kusamba. Akanandiuza pasadakhale sindikanalira usiku wonse uja. Komabe kwa munthu wa magazi ochepa ngati mmene ndinalili, magazi akachuluka milungu imeneyo osangopirira, kuimba foni kapena kubwerera.

Kenako ndinakalamba m'mwezi umodzi. Aliyense wa mu Harare akudziwa kutentha kwa Okutobala, mitengo ya jacaranda itachita maluwa, mvula isanagwe. Ine moto unali kuchokera m'kati. Unkayambira pachifuwa n'kukwera kukhosi mpaka kumaso, thukuta kamukamu, kasitomala ali patsogolo panga ndikumuyeza m'chiuno. Usiku, magetsi atazima, ndinkadzuka bulangete litanyowa, kenako n'kuyamba kunjenjemera ndi kuzizira. Tulo tinathawa. Mawondo ankaphwanya. Ndinkakalipira Chisomo pa zinthu zopanda pake, ndikatero n'kukalira kubafa. Ndinkaiwala miyeso imene ndangolemba kumene, ndipo tsiku lina ndinadula molakwika nsalu ya diresi la mkwatibwi, ndinagula ina ndi ndalama zanga. Za m'chipinda ndinena mwachidule: kumusi kunauma, kukhala malo amodzi ndi abambo kunkapweteka, chilakolako chinatheratu. Bambo a Chisomo anayamba kuganiza kuti ndawada. Tinakhala milungu itatu tikungopatsana moni ngati alendo, mpaka ndinawatenga popita kukabaya wachiwiri kuti akamve okha kwa adokotala. Ndikulangiza mayi aliyense wapabanja kuti apite ndi abambo tsiku loyamba lomwe. Kumenekonso n'komwe tinamva kuti jakisoniyu si wolera, ndiye pamafunika makondomu, chifukwa mimba siyenera kulowa mankhwalawa ali m'thupi.

Pa jakisoni wachitatu mpamene ndinadandaula mokwanira, adokotala n'kunena kuti pali mapiritsi obwezeretsa kamahomoni pang'ono, monga tibolone, amene amachepetsa kutenthako ndi kuteteza mafupa popanda kuwononga ntchito ya jakisoni. Ndinali nditapirira miyezi iwiri ndikuganiza kuti kudandaula n'kusayamika.

Koma zabwino zake zinaliponso, ndipo n'zimene zinandipusitsa. Kuyambira pakati pa Okutobala sindinaonenso dontho la magazi. Pofika Disembala magazi anga anali pa 11.9. Ndinkakwera masitepe osachita befu, dothi ndinkanyansidwa nalo, masiketi anayamba kukhwepa. Ataunikanso, chotupa cha masentimita 9 chinali pa 7. Poyamba ndinakhumudwa kuti masentimita awiri okha, koma adokotala anati chinthu chobulungira chikachoka pa 9 kufika pa 7 ndiye kuti chatsala pafupifupi theka la mnofu wake. Anandipatsa tsiku loti ndibwere mlungu wotsatira tidzakonze za opaleshoni. Mtengo umene anatchula wa chipatala cholipira unali wopitirira madola 2,000. Ife tinali ndi 900 ya chipereganyu, chimene kuno timangochitcha mukando. Anati ngati sitikwanitsa andilembera kalata yopita kuchipatala cha boma.

Sindinabwerere. Lamulungu lotsatira ndinaima kutsogolo kutchalitchi n'kuchitira umboni kuti ndachira, amayi analulutira. Januwale 2023 Chisomo ankayamba Fomu 1, ndipo 900 ija inathera ku fizi, mabuku, nsapato ndi zina. Palibe amene anandikakamiza. Ndinkaopa mpeni, ndinkamva bwino m'thupi, ndipo mwana ankafunika sukulu. Ngakhale kalata yaulere ija ya kuchipatala cha boma sindinakaitenge, pomwe ikanangondilowetsa pamzere.

Msambo unabwerera mu Febuluwale, wochepa bwino. Malichi chimodzimodzi, ndinati mwaona. Meyi unafika masiku asanu ndi awiri. Julaye pulasitiki inabwerera pampando wa makina. Pofika Ogasiti ndinkamasula masiketi omwe ndinabweza mu Disembala, ndipo ndinadzipeza ndaima pa tebulo la dothi ku Mbare. Ndinalira pomwepo pakati pa anthu.

Mu Sepitembala 2023 ndinabwerera kwa adokotala aja mutu uli pansi. "Amayi, munasowa kuti?" anafunsa, osakalipa. Chotupa chachikulu chinali masentimita 10, magazi pa 7.9. Anandifotokozeranso zomwe ananena chaka chathacho, koma ulendo uno ndinamva. Jakisoni akatha mphamvu mazira amadzuka, estrogen amabwerera, ndipo m'miyezi yochepa zotupa zimabwerera pomwe zinali. Sungamubayenso mpaka kalekale, chifukwa thupi likakhala lopanda estrogen mafupa amafooka, n'chifukwa chake nthawi zambiri sapitirira miyezi isanu ndi umodzi. Ine ndinali nditadya kale itatu. Ndinaganiza za ntchito yanga: jakisoniyu ali ngati mapini amene ndimagwirizira nsalu ndisanasoke. Ndinabaya mapini bwinobwino, madola 450, kenako ndinanyamula diresi osalipititsa pamakina.

Pali amayi amene jakisoniyu angawakwanire popanda opaleshoni, makamaka amene atsala pang'ono kusiya kusamba, chifukwa amangowaolotsa kufika pomwe zotupa ziyambe kuphwa zokha. Ine ndinali ndi zaka 40, ndipo amayi anga anasiya kusamba atapitirira zaka 50. Zaka khumi sizikanatheka.

Mlamu wanga amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Luton, ku England, atamva, anatumiza uthenga pa WhatsApp kuti kumeneko kuli mapiritsi a zotupa, ndisavutike ndi mpeni. Ndinakafunsa. Adokotala anati alipo amtundu wa ulipristal, odziwika kuti Esmya, amene ku Ulaya anaimitsidwa mu 2020 atapezeka kuti anawononga chiwindi cha amayi ena, ndipo pambuyo pake analoledwa kwa ochepa okha mosamala kwambiri. Anati aliponso atsopano a relugolix, amene anavomerezedwa ku Ulaya ndi ku America mu 2021, omwe amatontholetsa mazira ngati jakisoni uja koma muli kale kamahomoni kobwezeretsa m'piritsi lomwelo, ndiye munthu angamwe nthawi yotalikirapo. Koma nawonso amagwira ntchito pomwe ukumwa. Ine m'mafamase amene ndinafunsa sindinawapeze, ndipo chotupa cha m'kati chija chikanatsalabe panjira ya mwana. Ndinauza mlamu kuti asatumize mankhwala alionse, ngati akufuna kuthandiza atumize ndalama. Anatumizadi, Mulungu amudalitse.

Ulendo wachiwiri tinayamba ndi kumapeto. Choyamba kalata yopita kuchipatala cha boma, chachiwiri tsiku la opaleshoni, chachitatu ndalama pambali zimene bambo a Chisomo anakasungitsa kwa achimwene awo kuti tisazikhudze, ndipo jakisoni pomalizira, atawerengera kuchokera pa tsikulo kubwerera m'mbuyo. Amayi ena amapita kuchipatala cha Karanda ku Mt Darwin, koma ine ndinasankha kukhala pafupi ndi mwana. Mzere unali wautali. Ndinkadzuka 4 koloko m'mawa kukagwira malo, kangapo ndinabwerera osaonedwa, ndipo tsiku limene ndinapatsidwa linali la mu Malichi 2024, miyezi isanu kutsogolo.

Podikira, anandilembera tranexamic acid. Amenewa si mahomoni. Umamwa masiku a msambo okha, osapitirira anayi kapena asanu, ndipo amathandiza magazi kuundana m'chiberekero kuti asatuluke ambiri. Kwa ine anachepetsa ndithu, moti ndinadzifunsa chifukwa chake palibe anandiuzapo za iwo mu 2019. Amene anadwalapo kuundana kwa magazi m'mitsempha sayenera kumwa, ndiye nawonso ndi olemberedwa, osati opemphana. Ayironi ndinaphunzira kumwa bwino. Kale ndinkameza piritsi ndi tiyi wamkaka m'mawa, osadziwa kuti tiyi ndi mkaka zimatsekereza ayironi kulowa m'thupi. Ndinayamba kumwera madzi, n'kudya lalanje kapena masawu, tiyi pakapita maola awiri. Chimbudzi chimada bii ndipo chimalimba, zimenezo musadabwe nazo, imwani madzi ambiri ndi kudya masamba.

Majakisoni ndinabaya mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi ino pamodzi ndi tibolone kuyambira pachiyambi. Kutentha kunalipo koma kopiririka, tulo ndinkagona. Tsiku la Malichi litakwana ndinagonekedwa, ndinasala kudya usiku wonse, m'mawa n'kuuzidwa kuti kwabwera odwala mwadzidzidzi, ndipite kunyumba. Anandipatsa tsiku la mu Epulo. Apa mtima unagunda, chifukwa jakisoni anali kutha mphamvu. Tinagula wina, wachisanu ndi chimodzi pa onse, womaliza amene adokotala analola. Unali mwezi umene ndalama yatsopano ya dziko lino, ZiG, inkangoyamba kumene, mitengo ili pwirikiti, ndipo kufamase ankafuna madola a ku America basi. Tinagulitsa makina anga ena a overlock. La Epulo linalephereka kachiwiri. Amene mukukonza zotere, sungani ndalama ya jakisoni mmodzi wapadera ndipo funsani adokotala pasadakhale kuti tsiku likasuntha mudzatani.

Opaleshoni inachitika kumayambiriro kwa Meyi 2024, magazi anga ali pa 12.1. Chovuta kwambiri chinali pepala losaina madzulo ake. Linkanena kuti magazi akakana kuima pa tebulo, adzachotsa chiberekero chonse kuti apulumutse moyo. Apongozi anga anali pomwepo. Ndinkaopa kuti akana chifukwa cha mdzukulu amene akhala akumuyembekezera zaka zonsezi. Anangoti, "Sainani, mayi a Chisomo. Chisomo akufuna mayi ake." Ndinasaina dzanja likunjenjemera.

Anachotsa zotupa zisanu ndi zitatu, chiberekero chinatsala. Anandiika paini imodzi ya magazi. Adokotala wachitsikana amene anabwera m'mawa anati ndikanabwera ndi magazi a 7 aja, mwina sakanandigoneka n'komwe pa tebulo, ndipo kuphwa kwa zotupa kunathandiza kuti acheke modutsa m'munsi osati chotsika kuchokera pamchombo. Apo mpamene ndinaona ntchito yeniyeni ya jakisoni uja. Ananenanso zina ziwiri. Popeza anatsegula mpaka m'kati mwa chiberekero, ndikadzakhala ndi pakati ndidzabereka mwa opaleshoni, ndipo ndidikire miyezi isanu ndi umodzi ndisanayese. Chinanso, tizotupa ting'onoting'ono tikaphwa ndi jakisoni nthawi zina sitioneka pa tebulo, ndiye tingadzakule pambuyo pake. Ndinagona m'chipatala masiku anayi, kunyumba milungu isanu ndi umodzi osaponda makina.

Ndinakhala pansi tsiku lina n'kuwerengera. Majakisoni asanu ndi mmodzi, madola 900, theka lake lotayika chifukwa cha ine ndemwe. Mizu 200. Kuunika, kuyezetsa magazi ndi kuonana ndi adokotala pafupifupi 500. Zofunika pa opaleshoni, mankhwala ndi zina zomwe tinkauzidwa kukagula kunja, pafupifupi 600. Makasitomala amene anandithawa miyezi imene ndinkadwala sindingawawerenge. Zaka zisanu kuchokera pamene magazi anayamba kuchuluka, ndipo chaka ndi theka mwa zimenezo ndinachiwonjezera ndekha mu Disembala uja.

Panopa msambo wanga ndi masiku asanu, padi imodzi imakwana. Ataunika mu 2025 anapeza kachotupa kamodzi ka masentimita 2 kunja kwa chiberekero, anati tingokayang'anira chaka ndi chaka. Mawondo amandipwetekabe kukazizira, ndipo adokotala anandiuza kuti ndiziyenda pansi kwambiri ndi kudya matemba, mkaka ndi masamba chifukwa cha mafupa. Mwana wachiwiri sanabwere. Masiku ena zimandiwawa, makamaka ndikaganiza kuti mu 2019 ndinali ndi zaka 36 ndipo zotupazo zinali zazing'ono.

Mwezi watha mayi wina wachitsikana wa kutchalitchi kwathu anabwera kushopu ndi siketi yake yakuda kuti ndiimasule m'chiuno. Kanali kachitatu chaka chino. Ndikumuyeza ndinagunda cholimba m'munsi mwa mchombo, iye n'kuyang'ana kumbali. Ndinati, "Achemwali, tandionetsani m'maso." Nditatsitsa chikope, m'kati munali mbee. Anayamba kulira, n'kunena kuti akuganiza zobaya jakisoni uja ndinachitira umboni. Ndinatseka chitseko, ndinamuonetsa chipsera changa, kenako ndinang'amba pepala la patani n'kumulembera zokafunsa: magazi anga ali pa zingati, zotupa zili pati, mankhwala amenewa achepetsa magazi okha kapena aphwetsa, ndikadzasiya chidzachitike n'chiyani, ndipo ngati pali opaleshoni tsiku lake ndi liti. Siketi ndinamumasulira ulere. Lolemba m'mawa ndinatseka shopu, tinakwera kombi limodzi kupita kukaunikitsa.